Nkhokwe ya Codd sinatsegulidwe yonse: ndemanga ya buku la C. J. Date

Ambiri olemba mapulogalamu amaganiza kuti ukadziwa SQL ndiye kuti wadziwa zonse za database ya matebulo olumikizana. C. J. Date akukana zimenezi m'buku lake la SQL and Relational Theory, lomwe a O'Reilly analisindikiza kachitatu mu 2015. Date anagwirapo ntchito ndi E. F. Codd ku IBM, ndipo Codd ndi amene anayala maganizo a database yotereyi mu 1970. Mfundo ya Date ndi yakuti SQL inatola zina mwa nzeru za Codd, zina n'kuzitaya panjira, moti mpaka lero sitinaone mphamvu zake zonse.

Pomwe bukuli landigwira mtima ndi pa nkhani ya NULL, chizindikiro chimene timaika pamene chinthu sichikudziwika. Zitsanzo za Date zimazungulira pa tebulo la ogulitsa katundu a ku London, Paris ndi Athens. Tiyerekeze kuti mzinda wa wogulitsa mmodzi sunalembedwe. Mukafunsa a ku London, satuluka. Mukafunsa omwe si a ku London, satulukanso. Munthu uja wasowa, kompyuta ili phee, ndipo lipoti lipita kwa abwana lili lopereweza popanda wodziwa. Ndi yankho labodza lovala bwino, ndipo aliyense wosunga kaundula wa odwala kapena wa ngongole ayenera kuchita nalo mantha. Mizere yobwereza m'tebulo nayonso Date akuikana mwamphamvu.

Akulimbikiranso kuti malamulo a deta azikhala m'database momwemo, osati kumwazikana m'mapulogalamu osiyanasiyana. Apa ndikugwirizana naye kotheratu. SQL yovomerezeka ili ndi lamulo la CREATE ASSERTION lochitira zimenezi, koma makampani ambiri sanaliike m'zopanga zawo.

Chondidandaulitsa n'chakuti Date sagonja ngakhale pang'ono. Kuthetseratu NULL kumafuna kugawa matebulo kambirimbiri, ntchito imene wogwira mu ofesi yopanikizika sangaikwanitse nthawi zonse, komanso Codd mwiniwake ankalola chizindikiro cha zosadziwika. Zitsanzo zambiri zili mu Tutorial D, chilankhulo chimene Date anakonza ndi Hugh Darwen, chomwe simudzachipeza kuntchito. Woyamba kumene adzatopa nalo bukuli. Koma amene wakhala zaka akulemba SQL alipeze ndithu, ndipo asadumphe mafunso a kumapeto kwa mutu uliwonse.