Mtanda ndi Mbendera m'Zithunzi za Nkhondo

Zithunzi zoyenda, zimene tizicha kanema, zafika ndi kumidzi komwe, ndipo anyamata athu akonda koposa za nkhondo. Cifukwa cace tiyenera kuzipeta monga mai apeta mphale m'licero, kuti gaga acoke. Tiyese ziwiri zakale, zonse zonena za nkhondo yaikuru ya 1914 kufikira 1918.

Coyamba ndi Sergeant York, cimene anacikonza Howard Hawks m'caka ca 1941. Cinena za Alvin York, mlimi wosauka wa ku mapiri a Tennessee, amene anali woledzera ndi wandeu, natembenuka mtima. Pomuitana ku usilikari m'caka ca 1917, iye anapempha kuti amleke, pakuti lamulo la Mulungu liletsa kupha, koma anamkaniza. Ndipo pa 8 October 1918, m'nkhalango ya Argonne ku France, iye ndi anzace 7 anagwira Ajeremani 132. Izi zinacitikadi.

Koma taonani umo cithunzico cithetsera nkhondo ya mumtima mwace. York akwera phiri ali ndi mabuku awiri, Buku Lopatulika ndi mbiri ya America. Mphepo iomba, nitsegula masamba pa mau a msonkho wa Kaisara (Mateyu 22:21), ndipo mlandu watha. Kodi funso lolemera cotere liyankhidwa ndi mphepo? Ambuye pamenepo ananena za ndalama, sananene za mwazi wa munthu. Apa cipembedzo casanduka wanchito wa mbendera. Tikumbukirenso nyengo yace: cithunzico cinaturuka m'mwezi wa July, anthu a ku America ali kutsutsana ngati alowe nkhondo yaciwiri kapena iai, ndipo m'mwezi wa December analowa. Eni ace anafuna kufewetsa mitima ya okayika.

Palinso cina. M'kati mwa nkhondo York alira ngati nkhukundembo, kuti adani adzutse mitu, ndipo awaombera monga anacitira ndi mbalame kwao. Oonera aseka, naiwala kuti wagwayo ali ndi amace. Cikomekome ca nkuyu, m'kati muli nyerere.

Caciwiri ndi All Quiet on the Western Front, ca Lewis Milestone, ca caka ca 1930. Ciyamba m'sukulu ya ku Germany, m'mene mphunzitsi atenthetsa mitima ya ana ace ndi mau okoma a kufera dziko, kufikira onse anyamuka kukalembetsa. Ife a nchito yophunzitsa tinthunthumira pamenepo. Pambuyo pace mnyamata Paul abaya msilikari wa ku France, nagona naye m'dzenje limodzi usiku wonse kufikira wafa. Apeza m'thumba mwace cithunzi ca mkazi ndi mwana, napempha cikhululukiro kwa mtembo. Cithunzi ici sicichula Mulungu kawiri-kawiri monga cinzace cija, koma ife tiyesa kuti ciyandikira koposa ciphunzitso ca kukonda adani, pakuti m'menemo mdani ali ndi nkhope ndi dzina. A cipani ca Nazi anadana naco, nautsa phokoso ku Berlin, ndipo boma linaciletsa m'mwezi wa December 1930.

Sitinyoza kulimba mtima, kapena cikondi ca pa dziko la makolo. York yemwe anena m'cithunzico kuti anaombera pofuna kuletsa mfuti zimene zinali kutha anzace, ndipo atabwera kwao akana cuma cimene anthu afuna kumpatsa cifukwa ca mbiri yace. Izi ziyenera ulemu. Cimene tikana ndi kuyesa Mulungu msilikari wa mtundu umodzi. Pakuti asilikari a Germany naonso anali ndi mau olembedwa pa malamba ao, onena kuti Mulungu ali pamodzi nao.

Tsono pamene ana athu aonera zotere, tisawasiye okha. Tikhale nao pansi, tiwafunse kuti: Anacikonza ndani, ndipo liti? Cifuna kuti ticite ciani? Ndipo amene wagwa kutsidya linalo, amlira ndani?