CILIZA KAPENA NKHOKWE: ZA KUKUMBUKIRA WOIMBA NYIMBO

Pakati pa ife Acewa munthu akamwalira sitimuiwala tsiku la kumeta. Pakapita caka, zokolola zitalowa m'nkhokwe, abale amafulula mowa naitana mudzi wonse ku bona, ndipo ngati womwalirayo anali wa kudambwe, zirombo zimatuluka kudzabvina pabwalo. Masiku ano ambiri aonjezapo mwambo wina, ndiwo womanga ciliza ca simenti pamanda ndi kulembapo dzina ndi zaka. Zonsezi nzabwino. Koma pali funso limene tiyenera kulilingalira, makamaka inu anyamata ndi asungwana amene mwatuluka m'sukulu, pakuti ndinu mudzakhala alembi ndi osunga cuma m'midzi yanu: kodi munthu amene nchito yace inali kuimba timkumbukire motani? Mmisiri wa njerwa asiya nyumba, mlimi asiya munda ndi ng'ombe, koma woimba asiya cinthu cimene cikhala ndi moyo pokhapokha wina akaciimbanso. Tsono tiyese njira zinai zimene anthu a ku Zambia ndi a ku Malawi alemekeza nazo oimba ao, kuti tione imene ingathandize maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi.

Njira yoyamba ndiyo kucha mseu dzina la woimbayo. Mu Lusaka muli mseu wochedwa Alick Nkhata Road, umene upita pa nyumba za wailesi ya ZNBC. Bambo Nkhata anabadwa ku Kasama m'caka ca 1922. Atabwerako ku nkhondo yaciwiri ya dziko lonse anagwira nchito ndi Hugh Tracey, Mzungu amene anayendayenda m'maiko a Afrika kujambula nyimbo za m'midzi, ndipo pambuyo pace analowa nchito pa wailesi ya Central African Broadcasting Service. Imeneyo ndiyo nthawi ya kawailesi kocipa kaja kochedwa Saucepan, kamene kanafika m'caka ca 1949, kooneka ngati sefuliya, kamene kanalowetsa mau a ku Lusaka m'nyumba za anthu wamba. Luso la Nkhata linali lotenga nyimbo ya m'mudzi, kuiongola, ndi kuiika pa magitala ndi mau a amuna ogwirizana bwino, kotero kuti Mbemba, Mcewa ndi Mtonga onse anaimva ngati yao. Tibvomere kuti poiongola motero nyimbo inataya kanthu: ng'oma inacepa mphamvu, ndi kuyankha kwa khamu la akazi kunasanduka kuyankha kwa amuna owerengeka oima pa makina. Komabe iye anaphunzitsa anthu ophunzira kuti nyimbo ya kwao si yocititsa manyazi. Anafa m'caka ca 1978 ku Mkushi, kumene anali ndi munda, pamene asilikali a Rhodesia anathira nkhondo misasa ya omenyera ufulu wa Zimbabwe. Mseuwo umuyenera ndithu. Koma woyendetsa galimoto akhoza kuupita tsiku ndi tsiku zaka makumi awiri osadziwa nyimbo yace ngakhale imodzi, ndipo palibe mwana amene anaphunzira kukunga nsambo za gitala cifukwa ca cikwangwani ca m'mbali mwa mseu. Mseu ndi ciliza cacitali cabe.

Njira yaciwiri ndiyo kusunga mau a woimbayo m'mbale. Taonani Paul Ngozi, amene dzina lace lenileni linali Paul Nyirongo, wobadwa mu 1949, namwalira mu 1989. Iye anaimba m'Cingerezi ndi m'Cinyanja ca m'makomboni a Lusaka, ndi gitala yamagetsi yolira mwaukali ngati macaka a pa matabwa, ndipo mau ace anali odzudzula makhalidwe a anthu a m'tauni mosapsatira. Anachuka m'masiku amene Pulezidenti Kaunda analamula, cha m'ma 1975, kuti pafupifupi nyimbo zonse za pa wailesi zikhale za m'dziko momwemo, ndipo lamulolo linabala magulu ambiri a oimba. Mbale yace yochedwa 45,000 Volts inatuluka mu 1977. M'caka ca 2024 woimba wa ku America, Tyler, the Creator, anatengako cigawo ca nyimbo ina ya m'mbalemo naciika m'nyimbo yace yochedwa Noid, ndipo anthu miyandamiyanda amene sanaonepo Lusaka anamva Cinyanja ca Ngozi. Momwemonso nyimbo zimene Tracey anajambula zisungidwa ku International Library of African Music, imene anaiyamba mu 1954, ndipo tsopano iri ku Makhanda m'dziko la South Africa. Ndi John Blacking nayenso analemba mu 1961 za maimbidwe a kalimba a Ansenga a ku Petauke, anansi a anthu a ku Sinda. Pakadapanda nchito zotere zambiri zikadatayika, ndipo tiziyamika.

Koma mbale iri ngati mfutso. Ithandiza m'cirimwe ndiwo zikasowa, koma munthu sangaibzale kuti imere. Aliyense amene anaima pabwalo gule ali mkati adziwa ici. Mpanje ndi ng'oma zinzace zigwira mayendedwe a nyimbo osasintha, koma woomba mbalule maso ace ali pa mapazi a cirombo: cikapalasa fumbi iye ayankha, cikaima mwadzidzidzi iye aduka naco pamodzi, ndipo akazi oomba m'manja akweza kapena kutsitsa mau monga aona bwalo latentha. Citelele nayenso ali motero. Nyimbo ya citelele ipekedwa cifukwa ca mlandu wa sabata yomweyo, mwamuna wosagula citenje, mpongozi wolongolola, ndipo wodzudzulidwayo ali pomwepo, akumva. Zimenezi makina sangathe kuzicita, pakuti makina saona wobvina ndipo sadziwa mlandu wa pamudzi. Cifukwa cace tinena kuti nyimbo zathu zikhala m'manja ndi m'mero mwa anthu amoyo, ndipo wofuna kuzisunga asunge anthuwo.

Njira yacitatu tiiona ku Chileka, pafupi ndi Blantyre. Evison Matafale, woimba nyimbo za reggae m'Cicewa, anafa ali m'manja mwa apolisi pa 27 November 2001. Abale ace a banja la Fumulani sanalole kuti gulu lace la Black Missionaries lipasuke. Anapitiriza kutulutsa mbale ndi dzina lomwelo la Kuimba limene iye analiyamba, kungoonjeza nambala, ndipo anakhazikitsa mwambo wa caka ndi caka wosonkhana ku Chileka kumkumbukira ndi nyimbo. Iyi ndi bona yeniyeni, yoposa mseu ndi mbale, popeza womwalirayo akumbukiridwa ndi cinthu cimene iye anacikonda, ndiponso kwao kwenikweni. Cosowa cace ncakuti ndi tsiku limodzi pa caka. Khamu likabalalika, mnyamata wa m'mudzi wapafupi amene anapanga banjo yace ndi citini ca mafuta abwerera kwao monga anabwerera, wopanda nsambo zatsopano, wopanda womphunzitsa.

Njira yacinai iri ku Chileka komweko, ngakhale siichuka kwambiri. Daniel Kachamba ndi mng'ono wace Donald anaphunzira maimbidwe a kwela, a citoliro ndi gitala, banja lao likukhala ku Salisbury, kumene tsopano ndi Harare, nabwera nao kwao. Gerhard Kubik wa ku Austria anawapeza akuimba mu Blantyre m'caka ca 1967, ndipo kucokera pamenepo mbiri yao inafika kutali. Daniel anamwalira mu 1987, Donald mu 2001. Koma Donald asanamwalire anasonkhanitsa anyamata a m'mudzi wa Singano nawaphunzitsa citoliro, gitala ndi besi ya nsambo imodzi, kotero kuti iye atapita kunatsala gulu lochedwa Donald Kachamba's Kwela Heritage Jazz Band, loimba maimbidwe omwewo. Mwa njira zinai izi, iyi yokha ndiyo inasiya mbeu.

Tsopano tibwere kwathu. Caka ciri conse, Loweruka lomariza la mwezi wa August, mafumu a Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique asonkhana ku Mkaika m'boma la Katete kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi. M'caka ca 2005 bungwe la UNESCO linalengeza kuti Gule Wamkulu ndi cimodzi mwa zuma zazikulu za anthu a pa dziko lonse. Alendo abwera ndi makamera ao, najambula zirombo. Koma ndani afunsa dzina la woomba mbalule? Ndani afunsa kuti cikopa ca ng'omayo anacipeza bwanji, ndi kuti akafa adzaomba ndani? Ndiponso pa maukwati ambiri tsopano mwini ukwati abwereka zokuzira mau ndi kakadi kodzaza nyimbo, cifukwa nzocipa kuposa kudyetsa gulu la oimba. Anyamata a mabanjo atsala kunja kwa mpanda. Sinda ndi Vubwi anakhala maboma paokha m'caka ca 2012, ndipo anthu ayembekeza maofesi, miseu ndi zipatala, monga kuyenera. Koma boma lopanda oimba ace lidzabvina nyimbo za eni ace mpaka kale.

Cimene tiyenera kucita ndi ici. Woimba wodziwika wa dera lathu akamwalira, kaya anali wa ng'oma, wa kalimba, wa kwaya ya mpingo kapena mai wotsogolera citelele, pa tsiku la bona abale ndi mudzi agawe ndalama zacikumbutso pawiri. Gawo lina limange ciliza cacing'ono, gawo lina liyambe thumba lochedwa dzina lace. Thumbalo lisadikire anthu olemera a ku Lusaka. Ife tidziwa kale cilimba, ndipo tidziwa kusonkha pa maliro. Nyumba iri yonse ikapereka meda ya mtedza kapena ya soya pa nthawi yokolola, zogulitsazo zikwana poyambira. Nchito ya thumbalo ikhale yoonekera ndi maso: kugula zikopa ndi nsambo, kulipira mmisiri wosema ng'oma kuti aphunzitse anyamata awiri kapena atatu, kulipira ulendo wa gulu lopita ku Mkaika kapena ku wailesi ya Mphangwe ku Katete ndi ya Breeze ku Chipata, ndi kukonza masiku oimba pa msika kapena pa bwalo la sukulu kangapo pa caka, pamene magulu ang'onoang'ono adzaimba nalandira kanthu. Ndalama zisagule makina okuzira mbale za kwina, pakuti kutero nkugula khasu lokumbira manda a cinthu cimene tifuna kuciukitsa.

Alipo amene adzakana, ndipo mau ao tiwamve. Ena adzati ndalama za gulu zimathera m'matumba a komiti. Izi zicitika, ndipo mankhwala ace ndi kuwerenga poyera: buku la thumba liwerengedwe pamaso pa nyakwawa ndi anthu onse pa tsiku la cikumbutso, wosunga ndalama asakhale wa banja limodzi ndi mlembi, ndipo zinthu zigulidwe msanga kuti ndalama zisagone m'nyumba ya munthu. Apa ndi pamene inu odziwa masamu mufunika. Ena adzati kulipira woomba ng'oma nkuononga mwambo, pakuti makolo sanali kugulitsa nyimbo. Koma makolo anali kusupa wobvina bwino, ndi woomba ng'oma sanali kucoka pa mowa ndi njala. Amene analeka mwambowo ndife, amene tifuna kuti aombe usiku wonse kwaulere pamene fetereza ndi ndalama za sukulu zimdikira kunyumba. Enanso adzaopa kuti thumba lidzautsa mkangano pakati pa a mpingo ndi a kudambwe. Tsono thumbalo lisalowerere za kudambwe, zimene ziri m'manja mwa mafumu ndi eni mzinda. Ligwire zokhazo zimene zioneka pabwalo, ndipo lithandize kwaya, citelele, cimtali ndi mabanjo mofanana. Ng'oma ya m'kacisi ndi ya pabwalo zonse zisemedwa ndi mmisiri mmodzi, ndipo iye akasowa zonse zidzakhala cete.

Pali cenjezo linanso. Thumba lacikumbutso lisasanduke khoti loletsa ana kupeka zao. Nkhata sanaimbe monga agogo ace, Kachamba anatenga citoliro ca m'miseu ya kumwera, Matafale anatenga maimbidwe a ku Jamaica, koma onsewo tiwayesa athu cifukwa anaimba m'zinenero za kuno, za mabvuto a anthu a kuno, pamaso pa anthu amoyo. Mnyamata wa ku Vubwi, amene amva nyimbo za ku Malawi ndi za ku Mozambique tsiku ndi tsiku popeza malire ali pakhomo pace, adzasakaniza zimenezo ndi za kwao, ndipo aloledwe. Muyeso ukhale uwu wokha: kodi aimba yekha ndi manja ace, ndipo kodi anthu a pabwalo amuyankha?

Akulu anati kupatsa nkuika. Mudzi umene upatsa ana ace ng'oma ndi mphunzitsi uika nyimbo zimene zidzaimbidwa pa maukwati ndi pa maliro a iwo omwe anasonkhawo. Cifukwa cace, inu amene mwatsiriza sukulu, mukamva kuti kwanu akukonza bona ya munthu amene anali kuimba, pitani ku msonkhano wa abale, mukhale pansi mwaulemu, ndipo akulu akatha kunena za matumba a simenti, mupemphe mau, mufunse kuti ng'oma yace iri kuti ndi kuti adzaiomba ndani.