Edoardo Villa: Kalumo ka Mlendo, Mwala wa Eni Mudzi

Kum'mawa kwa Pretoria, kupitirira Nellmapius, kufupi ndi Cullinan, kuli Zonderwater, kumene asilikali a ku Italy ogwidwa pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ankasungidwa. Mmodzi mwa akaidiwo anali Edoardo Villa (1915-2011), mmisiri wa ziboliboli wobadwira ku Bergamo. Atamasulidwa mu 1947 sanabwerere kwawo, koma anakhazikika ku Johannesburg, kumene pambuyo pake anayamba kuwotcherera chitsulo. Ziboliboli zake zikuluzikulu, monga The Knot (1981) cha pa Civic Centre ku Cape Town, sizingokongoletsa nyumba ayi. Zimapikisana nazo msinkhu ndi kulemera.

Komabe mbiri yake imakambidwa mopendekera. Imatsindika zoti iye anaphunzitsa Sydney Kumalo, amene anagwira naye ntchito chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Zimenezo n'zoona, pakuti mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Koma kalumoko anakanolera pamwala wa yani? Ku Zonderwater Villa ankaumba nkhope monga anaphunzirira kwawo. Matupi owongoka ngati nsanamira anadza atadziwana ndi zosemasema za mu Africa, zimene Egon Guenther ankasonkhanitsa. Gulu lawo la mu 1963 linatchedwa Amadlozi, mawu a Chizulu otanthauza mizimu ya makolo, chikhalirecho pa amisiri asanu wakuda anali Kumalo yekha.

Yunivesite ya Pretoria inatsegula nyumba yosungiramo ntchito za Villa mu 1995, ndipo ulemuwo unamuyenera. Chotsalira kwa ofufuza n'kulongosola zimene mphunzitsiyu anatenga kwa eni mudzi.