Cikondi Cosabwezedwa: Za Kanema wa Ana a Sukulu a ku Lilongwe

Ambiri a inu mudziwa kuti ana athu amene tiwatumiza ku masukulu akuru a ku Lilongwe sabwerako ndi mabuku okha ai. Abwera ndi lamya za m'manja, ndipo m'lamyamo muli zithunzi zoyenda ndi zolankhula, zimene akuru anazicha baisikopo, koma a lero ati kanema kapena filimu. Pa nyengo yopumula sukulu mudzaona anyamata ndi asungwana ataunjikana pakhonde madzulo, mitu pamodzi monga nkhuku pa mtondo. Kale anali kupenya za ku Nigeria ndi za ku America zokha. Koma tsopano ayamba kupanga zao, zazifupi, za mphindi 15 kapena 20, nazituma kwa anzao pa WhatsApp ndi pa YouTube. Nkhani imene aikonda koposa zonse ndi iyi: mnyamata akonda namwali, namwali samkonda, ndipo pakati pao paima bwenzi. Ine ndapenya zingapo za mtundu uwu, ndipo ndifuna kuyesa imodzi pamaso panu, imene anaipanga ophunzira a pa sukulu ina ya mu mzindamo. Maina ao sindiwachula, popeza akali ana, ndipo mbiya yoyamba ya mwana saionetsa pa bwalo pamodzi ndi dzina la woumba.

Poyamba ndiyankhe akuru ena a mpingo amene ati nchito yonseyi iri ya mdima. Mau awa sali oona. Zithunzi zoyenda zinafika kwa makolo athu ndi manja a amishoni omwe. Kuyambira 1935 kufikira 1937 bungwe la International Missionary Council linali ndi anthu ace ku Vugiri m'dziko la Tanganyika, amene anapanga zithunzi 35, zambiri za ulimi, za ukhondo ndi za kusunga ndalama, nazinyamula pa galimoto kudzazionetsa kufikira kuno ku Nyasaland. Pambuyo pace, kuyambira 1948 kufikira 1963, kunali Central African Film Unit ku Salisbury, yocita zonga zomwezo. Koma taonani cimene cinasowa m'zonsezi: Mzungu ndiye anagwira makina nasankha nkhani, munthu wakuda anaima kutsogolo, nacita cimene anamuuza. Ndipo tingakhale tinalandira ufulu, lamulo la 1968 linaika bungwe loyesa mabuku, nyimbo ndi zithunzi, ndipo wailesi ya kanema sinaoneka m'dziko muno kufikira 1999. Njira yatseguka dzulo dzuloli. M'caka ca 2016 filimu ya Mai Joyce Mhango Chavula yochedwa Lilongwe inalandira mphotho ku Lagos. M'caka ca 2018 a MultiChoice anatsegula sukulu ya nchitoyi ku Lusaka, yolandira ophunzira 20 pa caka, ndipo Amalawi anali pakati pao. Cifukwa cace pamene ndiona mwana wa ku Dowa kapena wa ku Dedza atagwira kamera yekha, nasimba za mtima wace, sindikhoza kumnyoza.

Nkhani ya anawo iyenda motere. Mnyamata akhala ku Kawale kwa atsibweni ace. Namwali akhala ku Area 10, m'nyumba ya mpanda wa njerwa, ndi mlonda pa cipata. Aphunzira m'cipinda cimodzi. Mnyamatayo alibe mtima wakunena yekha, ndipo atuma mnzace amene anakula naye kukapereka mau ndi mphatso. Monga mwazindikira kale, wotumidwa ndiye akondedwa. Mnzaceyo akana namwali cifukwa ca ubwenzi. Koma mnyamata amva mbiri kwa ena, nakhulupirira kuti wamdyera kuseri.

Ndiyambe ndi cimene acita bwino, pakuti cilipo, ndipo si cacing'ono. Ana awa audziwa mzinda wao. Inu amene simunafikeko mudziwe kuti Lilongwe, umene unakhala likulu la dziko m'caka ca 1975, suli mudzi umodzi. Kuli Old Town, kumene kuli msika, depoti ndi phokoso la mseu wa Malangalanga. Kuli City Centre, kumene kuli nyumba za boma pa Capital Hill. Ndipo pakati pa awiriwa pali thengo la m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi. Madera ace awachula ndi manambala, ndipo munthu akanena nambala yace wanena kale za thumba lace. Tsono m'filimuyi mnyamata asowa ndalama ya minibasi, nayenda pansi. Kamera imtsata osafulumira. Pfumbi ndi anthu ogulitsa zitsalira m'mbuyo, mitengo icuruka, miseu ikhala duu, agaru auwa kuseri kwa mipanda. Pofika pa cipata awerama, napukuta nsapato zace ndi udzu, naima osagogoda. Palibe mau anenedwa, koma zonse zamveka. Munthu ali yense amene anapitapo kukapempha kanthu ku nyumba ya wolemera adzamva kuwawa kwa malo amenewo.

Pena pabwino mpa ulalo wa mitengo wa pa msika wa Tsoka, pamene woloka mtsinje wa Lilongwe apereka kandalama kwa mwini ulalo. Abwenzi awiriwo, atakhala masabata osalankhulana, akomana pamenepo. Wonamiziridwayo aturutsa ndalama, nalipira ya anthu awiri, napitirira osaceuka. Anawo anatonthoza nyimbo pa malo awa, ndipo anacita mwanzeru. Pakuti m'malo ena onse nyimbo yacisoni ilira kosaleka, niphimba mau, monga mlaliki amene alira yekha pa gome anthu asanamve cimene alirira.

Koma ndiri nazo zotsutsa, ndipo cina ndi ca cinenero. Pamene mnyamata anena za cikondi anena m'Cingerezi. Pamene atukwana kapena kuseketsa anthu anena m'Cicewa. Kodi anawa aphunzira kuti cinenero ca amai ao cikwanira mkangano wokha? Cingerezi cimene anena cacokera m'mafilimu a kunja, mau obwereka amene pakamwa pao sapawazolowera, kotero kuti pa nthawi imene wopenya ayenera kugwetsa misozi, aseka. Mu 2019 Chiwetel Ejiofor, munthu wobadwira ku London, anapanga The Boy Who Harnessed the Wind, nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, naphunzira Cicewa kuti alankhule monga atate wa mnyamatayo. Ambiri kuno anaseka kachulidwe kace, ndipo zoonadi lilime lace linali lolemera. Koma iye anadziwa kuti njala ya ku Kasungu siingasimbidwe m'cinenero cacilendo. Nanga mlendo akabvutika kulowa m'nyumba yathu, ife eni tithawiranji?

Cacikuru koposa ndi mlandu umene filimuyi impatsa namwali. Iye sananame, sanalonjeze, sanapemphe kanthu. Anangoti ai. Koma kamera imuonetsa monga wonyada ndi wokonda cuma. Mphatso zimene analandira, foni ndi nsapato, aziwerenga pamaso pathu monga ngongole. Ndipo anzace a mnyamata anena kuti wamdyera ndalama. Apa anawo asokoneza zinthu ziwiri. Makolo athu anali ndi cikole, cimene mnyamata anapereka mbeta itabvomera, ndipo akuru a mbali zonse anacidziwa. Mphatso yoperekedwa m'seri, mau asanamveke, si cikole, ndi nyambo. Ndipo iye amene aponya nyambo sakhoza kuimba mlandu nsomba imene yakana mbedza. Ici ndinena molimba, popeza filimu yotere aipenya anyamata a m'midzi mwathu, ndipo aphunziramo kuti kukanidwa ndiko kunyozedwa, ndi kuti wokana ayenera kulangidwa. Cikondi cosamva kukana tiri nalo dzina lace m'Buku Lopatulika: ndico ca Amnoni kwa Tamara, ndipo mudziwa kumene cinathera.

Anawo akadapenya bwino The Road to Sunrise, imene Bambo Shemu Joyah anaturutsa mu 2017, nilandira mphotho ku Lagos caka cotsatira. Nkhani yace iri ya akazi awiri oyendayenda a ku Blantyre, Rubia ndi Watipa, anthu amene ife a mpingo tiwalambalala pa njira. Rubia akana mwamuna wolemera, mwamunayo amgwira mwamphamvu, ndipo m'kudziteteza Rubia ambaya, nagwidwa ndi mlandu wakupha. Sindinena kuti muionetse kwa ana ang'ono. Koma Bambo Joyah analimba mtima kunena kuti ai wa mkazi, angakhale mkazi wonyozeka, ali ai ndithu. Ndipo anaika ubwenzi wa akazi awiriwo pakati peni peni pa nkhani.

Ngati afuna citsanzo ca kusimba cikondi cosabwezedwa, ciri m'mutu 29 wa Genesis, umene anauwerenga ku Sande sukulu osausamala. Leya anakwatiwa ndi Yakobo mwa cinyengo ca Labani, ndipo Yakobo anakonda Rakele. Wolemba sanena zambiri za misozi ya Leya. Ationetsa maina a ana ace: pa Rubeni, pa Simeoni ndi pa Levi, mtima wace ukali pa mwamuna wosamkonda; koma pa mwana wacinai, Yuda, aleka kuchula mwamunayo, nayamika Yehova. Rakele sasanduka mfiti, ndipo Yakobo satembenuka mtima kuti nkhani ikome. Zaka zambiri za cisoni zalowa m'maina anai. Uku ndiko kulemba.

Pa za ubwenzi ndinena pang'ono. Mau akuti cibwenzi anali olemekezeka kale: amuna awiri anapangana, napatsana nkhuku kapena mbuzi, nathandizana pa maliro ndi pa milandu, akazi a ku Ncheu ndi ku Dedza ali naco cinjira cao. Lero munthu akamva cibwenzi aganiza za mnyamata ndi msungwana basi. Filimuyi inali pafupi kubweza mauwo kwao, pakuti munthu wolemekezeka m'nkhani yonse ndiye mnzace uja, amene anakana cokoma cifukwa ca pangano la ubwana, monga Jonatani analeka ufumu cifukwa ca Davide. Koma opangawo sanamzindikira. Ampatsa mau owerengeka, natayira nthawi pa mnyamata wolira m'cipinda. Ndi atsibweni omwe aoneka kamodzi kokha, alikufunsa za ndalama ya magetsi, ngati kuti m'Kawale monse mulibe mkuru amene mwana angamuuze za mbeta.

Cimariziro cace ndico candikhumudwitsa. Pa cinsaru palembedwa kuti zapita zaka 5. Mnyamata aturuka m'galimoto yonyezimira pa City Centre, atabvala suti, osatiuza nchito imene wagwira. Namwali, amene tsopano wasauka popanda cifukwa comveka, agwada nampempha cikhululukiro. Iye abvala magalasi akuda, napita. Opangawo ayesa kuti uku ndiko kupambana. Ine ndiona munthu amene wasenza cakukhosi zaka 5, ndipo galimotoyo ioneka kuti njobwereka, pakuti acedwa kupeza potsegulira citseko. Mnzace wa pa ulalo saonekanso. Anawo akadzakonzanso filimuyi, adule mphindi zitatu zomarizazo, naiimike pa Tsoka, pamene mnyamata atambasula dzanja kuti alipire, ndipo mwini ulalo amuuza kuti yace yaperekedwa kale.