Nkhokwe Ziwiri m'Chiganizo Chimodzi: Ndemanga pa Mawu Ena a Ntchito ya Makompyuta

Posachedwapa tidalandira chikalata cha masamba 8 chimene bungwe lina lolemba mapulogalamu a kompyuta lidamasulira kuchokera m'Chingerezi, kuti ophunzira ntchito ndi akapitawo awo azichigwiritsa ntchito. Omasulira ake tiwayamikire. Chichewa chawo n'chosalala, ndipo kalembedwe kawo katsata malamulo a 1990 pafupifupi monsemo. Koma paja akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mawu atatu ofunika kwambiri m'chikalatacho sadasankhidwe bwino, ndipo amodzi mwa iwo angathe kuchotsetsa munthu ntchito popanda mlandu.

Tiyambe ndi kufotokoza ntchito imene chikalatacho chikunena. Olemba mapulogalamu ambiri amasunga ntchito yawo pogwiritsa ntchito Git, pulogalamu imene Linus Torvalds adayamba kulemba mu 2005. Munthu akasintha kanthu m'pulogalamu n'kutsimikiza kusinthako, Git imasunga dzina lake, nthawi, mizere imene yasintha ndi uthenga wofotokoza chifukwa chake. Malo osungira zonsezi Angerezi amati "repository". Pali malo enanso otchedwa "data warehouse", amene Bill Inmon adawatchukitsa ndi buku lake la mu 1992. Kumeneko kumasonkhanitsidwa mbiri yochokera m'malo ambiri kuti akatswiri aisanthule. Chitsanzo chodziwika ndi GH Archive, imene ili ndi mbiri ya zochitika zapoyera za pa GitHub kuyambira 2011, yogawidwa ola ndi ola, ndipo aliyense angathe kuisanthula kudzera m'BigQuery ya kampani ya Google.

Vuto loyamba n'lakuti omasulira atcha malo awiri onsewa "nkhokwe". Motero pa tsamba loyamba pali chiganizo cholangiza wophunzira kutenga zam'nkhokwe n'kuziika m'nkhokwe. Kodi wophunzira amvapo chiyani? Dzina lakuti nkhokwe likuyenera malo achiwiriwo. Aliyense amene adaona nkhokwe zazikulu za ku Kanengo mumzinda wa Lilongwe akudziwa kuti kumeneko kumafika chimanga cha m'minda yambirimbiri, ndipo palibe amene amalima m'katimo. Malo oyambawo ndi osiyana kwambiri: anthu amagwiramo ntchito tsiku ndi tsiku, ndipo chimene chimawapatsa ulemu n'chakuti amasunga mwandondomeko amene adachita chakuti pa tsiku lakuti. Chichewa chili kale ndi dzina la buku lotere, ndilo "kaundula". Tikuvomereza kuti kaundula wa kwa mfumu kapena wa kusukulu amasunga mayina okha, pamene uyu amasunganso pulogalamu yeniyeniyo. Komabe kukulitsa tanthauzo la mawu pang'ono chotere n'kwabwino kuposa kupatsa zinthu ziwiri dzina limodzi. Tinene "kaundula wa pulogalamu" ndi "nkhokwe ya deta".

Vuto lachiwiri lili pa mneni "kulunzanitsa", amene aikidwa m'malo mwa "sync". Timalunzanitsa zingwe ziwiri kuti zikhale chimodzi, ndipo -an- amene ali m'tsinde la mneniyu amapereka ganizo la mbali ziwiri zochitirana. M'ntchito imene tikukambayi zinthu zimayenda njira imodzi yokha, kuchokera m'kaundula kupita m'nkhokwe. Mtsogoleri amene wawerenga "kulunzanitsa" angaganize kuti akakonza cholakwika m'nkhokwe, kaundula nayenso akonzeka, zimene sizichitika. Pa tsamba lina omasulira alemba "kusamutsa", koma apanso pali vuto. Chimanga chikapita ku Kanengo sichitsala kumunda, pamene deta imatsala m'kaundula momwe idalili. Mneni woyenera ndi "kukopera", amene mwana aliyense wa sukulu amamudziwa. Popeza ntchitoyi imabwerezedwa pa nthawi zoikika, ndipo nthawi zambiri amatenga zokhazo zimene zasintha, tinganene "kukopera zatsopano". Mawuwa amakumbutsanso wowerenga choonadi chimodzi chofunika, chakuti nkhokwe imakhala m'mbuyo nthawi zonse. Ndiponso Git imalola olemba kukonzanso mbiri ya ntchito yawo, kotero kuti zimene zidakopedwa dzulo mwina sizingafanane ndi zimene zili m'kaundula lero.

Vuto lachitatu ndilo lalikulu. Kusintha kulikonse kumene kwatsimikizidwa m'kaundula Angerezi amakutcha "commit". Omasulira atsegula mtanthauziramawu, apeza tanthauzo lina la mawuwa, ndipo alemba "kudzipereka". Chotsatira chake n'chakuti pa tsamba lomaliza pali mndandanda wa antchito wokhala ndi mutu wakuti chiwerengero cha kudzipereka kwa wantchito aliyense pa mwezi. Taganizani kapitawo amene sadziwa Git akuwerenga mutu umenewu. Iye aganiza kuti makina ayeza mtima wa munthu pa ntchito. Pamene zoona zake n'zakuti "commit" imodzi ingakhale kukonza chilembo chimodzi, inanso ingakhale mizere zikwizikwi ya ntchito ya sabata yathunthu. Wantchito wodekha, amene amaganiza masiku atatu asanalembe mzere umodzi wolondola, kapena amene amatha tsiku akuthandiza anzake, aoneka ngati mlesi. Chiwerengerochi n'chonyenga kale m'Chingerezi, koma Chichewa cha m'chikalatachi chachisandutsa chigamulo.

Ena angati tingobwereka mawuwo n'kuwalemba m'Chichewa, monga tidachitira ndi kompyuta ndi intaneti. Kubwereka si tchimo, koma apa sikutheka, chifukwa titero tipeza "komiti", dzina limene lili kale ndi mwini wake m'midzi, m'mipingo ndi m'masukulu monse. Ife tikuganizira dzina lakuti "cholembetsa", zambiri "zolembetsa", la m'gulu la Chi-Zi. Likugwirizana bwino ndi kaundula, pakuti m'kaundula ndimo timalembetsa, ndipo silinena kanthu za khalidwe la munthu.

Si zonse zimene zidalakwika. Pomasulira "branch" omasulira asankha "nthambi", ndipo pa "analytics" alemba "kusanthula". Mawu awiriwa ngoyenera, chifukwa apa omasulira adayamba amvetsa chinthucho asanachipatse dzina. Akadatero paliponse, ndemanga ino sikadalembedwa.

Pomaliza, tikupempha akonzi kuti asalole chikalata chaluso kupita kosindikiza chisanawerengedwe ndi anthu awiri: wodziwa ntchitoyo, ndi wodziwa Chichewa amene ntchitoyo saidziwa. Wachiwiriyu afunsidwe kuti afotokoze m'mawu akeake zimene wamva. Aphunzitsi amene ali ndi ophunzira a makompyuta ayese mawu awa, kaundula, nkhokwe, kukopera zatsopano ndi cholembetsa, m'kalasi, ndipo atilembere kutiuza pamene ophunzira akhumudwa. Mawu amene agwe pamayeso amenewa tidzawasiya n'kufuna ena.