Mfotokozi 'Obscure' m'Ziganizo za Chingerezi: Kuunika Njira Yotanthauzira Liu ndi Mau Anzake

1.0 CHIYAMBI

M'mabuku ambiri ophunzitsira Chingerezi anthu amene sadabadwe nacho muli chizoloŵezi chimene chidakhazikika kotero kuti sitichifunsanso. Pofuna kutanthauzira mfotokozi, mlembi amandandalika afotokozi ena amene akuti ngofanana naye, kenaka n'kuikapo ziganizo zingapo zachitsanzo, osanena chimene chiganizo chilichonse chikuonetsa. Wophunzira wofuna kudziŵa 'obscure' amapatsidwa 'vague', 'unclear', 'ambiguous', 'dim' ndi 'unknown', ndipo amatseka bukulo akukhulupirira kuti mau onseŵa angathe kuloŵana m'malo.

M'nkhani ino tiunika njira imeneyi poyang'ana mfotokozi mmodzi yekhayu. Mfundo yathu ndi yakuti tanthauzo la 'obscure' limatsimikizika ndi zinthu zitatu: dzina limene akufotokoza, malo amene waima m'chiganizo, ndiponso mau amene ayandikana naye. Mndandanda wa mau ofanana umabisa zitatu zonsezi. Ziganizo zachitsanzo tazipanga tokha. Nyenyezi ikusonyeza chiganizo chimene eni chiyankhulo sangachivomere, ndipo chizindikiro cha funso chikusonyeza chimene angachikayikire.

2.0 KUMENE LIULI LIDACHOKERA

Liuli lidachokera ku Chilatini 'obscurus', kutanthauza chamdima, ndipo lidaloŵa m'Chingerezi kudzera m'Chifalansa cha m'ma 1400. Tanthauzo loyambalo likumvekabe m'dzina lakuti 'camera obscura', chipinda kapena bokosi lamdima limene lidabala kamera. Kuchoka pa mdima wa m'maso, tanthauzo lidaphuka nthambi ziŵiri. Yoyamba ndi mdima wa m'maganizo: chinthu chovuta kuchimvetsa. Yachiŵiri ndi mdima wa mbiri: munthu kapena malo amene anthu ambiri saŵadziŵa.

Maina aŵiri otchuka akuonetsa bwino nthambizi. Heraclitus, wanzeru wa ku Ephesus amene adakhala ndi moyo cha m'ma 500 Khristu asanabadwe, Agiriki adampatsa dzina lonena za mdima, ndipo m'Chingerezi amatchedwa 'Heraclitus the Obscure'. Iyeyu ngodziŵika kwambiri. Chovuta ndi zonena zake. Koma Thomas Hardy, m'buku lake la mu 1895, Jude the Obscure, akunena za mmisiri wosema miyala, wosauka, amene adalakalaka maphunziro apamwamba koma palibe adamlabadira. Kamangidwe ka maina aŵiriŵa n'kamodzi, matanthauzo ngosiyana. Mndandanda wa mau ofanana sungamuuze wophunzira tanthauzo loyenera dzina lililonse.

3.0 DZINA LIMENE LIKUFOTOKOZEDWA

Tiyeni tione zitsanzo izi:

(1) an obscure village in the hills
mudzi wosadziŵika wa kumapiri

(2) an obscure clause in the contract
ndime yosamveka ya m'pangano

(3) the obscure origins of the custom
chiyambi cha mwambo chimene sichidziŵika bwino

Dzina likakhala la malo, la bungwe kapena la munthu, monga mu (1), tanthauzo limapendekera ku kusatchuka. Likakhala la zolemba kapena zoyankhula, monga mu (2), limapendekera ku kusamveka. Chitsanzo (3) chikuoneka ngati chofanana ndi (1), koma sichili choncho. Mudzi wa mu (1) eni ake amaudziŵa bwinobwino, ndipo aliyense wofuna angathe kukafikako. Amene saudziŵa ndi anthu akutali. Chiyambi cha mu (3) palibe amene akuchidziŵa mokwanira, ngakhale akatswiri, poti umboni wake udatayika kapena sudapezeke. Maina monga 'origin', 'cause', 'motive' ndi 'fate' ndiwo amakoka tanthauzo lachitatuli.

Vuto limakula pamene dzina lili la munthu amene ntchito yake ndi kulemba:

(4) an obscure poet

Mlakatuli ameneyu angakhale wosatchuka, angakhalenso wolemba zosamveka. Kaŵirikaŵiri woŵerenga amayamba wamva tanthauzo loyambalo, koma dzina palokha silidula mlandu. Apa mpamene malo a mfotokozi amathandiza.

4.0 MALO M'CHIGANIZO NDI MAU OYANDIKANA NAYE

Mu 1967 Dwight Bolinger adalemba nkhani m'magazini ya Lingua yosonyeza kuti mfotokozi wa Chingerezi woima dzina lisanabwere sangatengedwe ngati chidule chabe cha mfotokozi woima pambuyo pa mneni. Woyambayo kaŵirikaŵiri amaika chinthu m'gulu lake lokhazikika, pamene wachiŵiriyo angathe kunena za mkhalidwe wa kanthaŵi. Mfundo imeneyi ikugwira bwino pa liu lathuli:

(5) She married an obscure lecturer.
(6) The lecturer was obscure this morning.
(7) The lecturer is being obscure.

Mu (5) mphunzitsiyo ngosatchuka. Mu (6) ndi (7) sizingatheke kumva choncho, chifukwa munthu sakhala wosatchuka m'maŵa wokha, ndipo sachita kusankha kusatchuka monga amasankhira kayankhulidwe. Tanthauzo lotsala ndi lakuti sakumveka, ndipo mu (7) muli chitonzo chakuti akuchitira dala.

Aonjezi nawo amasankha mbali. 'Relatively', 'hitherto' ndi 'then' akatsogolera mfotokoziyu amakokera ku kusatchuka: 'a then obscure lawyer' ndi loya amene panthaŵiyo anali asanadziŵike, ndipo mauŵa akulonjeza kuti pambuyo pake adatchuka. 'Deliberately' ndi 'needlessly' amakokera ku kusamveka. Mneni 'remain' amakonda tanthauzo la mu (3):

(8) The cause of the fire remains obscure.

Palinso kapandamneni woumbika kale, 'for some obscure reason'. Woyankhula mau ameneŵa nthaŵi zambiri sakudandaula za kuvuta kwa chifukwacho. Akusonyeza kunyansidwa, ngati akuti chifukwa chenicheni palibe. Womasulira amene angalembe kuti "pa chifukwa chosadziŵika" wapereka mau koma wasiya mtima wa woyankhulayo, umene uli pafupi ndi "kaya n'chifukwa chiyani".

5.0 MAU OTI NGOFANANA

Njira yabwino yoyesera ngati mau aŵiri ngofananadi ndiyo kuŵasinthanitsa m'chiganizo chimodzi.

(9) I am unclear about the rule.
(10) *I am obscure about the rule.
(11) It is unclear whether the bridge is safe.
(12) ?It is obscure whether the bridge is safe.
(13) The minister was vague about the date.
(14) ?The minister was obscure about the date.

'Unclear' amalola kuti mwininkhani akhale munthu amene sakumvetsa, monga mu (9). 'Obscure' salola zimenezo: mwininkhani wake ndi chinthu chosamvekacho, ndipo munthu wovutikayo amaloŵa kudzera mwa mperekezi 'to', monga 'The rule is obscure to me'. Wophunzira amene adauzidwa kuti aŵiriŵa ngofanana adzalemba (10) ndi mtima wonse, ndipo cholakwacho chidzakhala cha buku limene lidamphunzitsa.

Kusiyana kwa 'vague' n'kwa tanthauzo. Liuli lidachokera ku Chilatini 'vagus', choyendayenda. Nduna ya mu (13) ikumveka bwino, koma sikutchula tsiku lenileni. Mau a 'vague' amasoŵa malire. Mau a 'obscure' angakhale ndi tanthauzo limodzi lokhazikika, koma lovuta kulifikira. Mau a 'ambiguous' ali ndi matanthauzo aŵiri kapena kuposa, lililonse lomveka. Ndicho chifukwa chake Paul Grice, m'nkhani yake yakuti Logic and Conversation ya mu 1975, poŵerenga zimene woyankhula ayenera kupewa kuti amveke, adaika kusamveka padera ndi kupaŵiri kwa tanthauzo padera.

6.0 MNENI NDI DZINA

Chinthu china chimene mndandanda subisa pang'ono ndi chakuti matanthauzo atatu aja adagaŵana mitundu ya mau. Mfotokozi masiku ano sagwiranso ntchito kwenikweni ponena za mdima wa m'maso. Ntchito imeneyo idatsalira 'dark' ndi 'dim', kupatula m'zolemba zakale kapena zandakatulo. Koma mneni 'obscure' adasunga tanthauzo limeneli:

(15) Cloud obscured the mountain.
Mtambo udaphimba phiri.

Motero 'The sign is obscured' ndi 'The sign is obscure' n'ziganizo zosiyana ndi lemba limodzi lokha, koma choyamba chikuti chikwangwani chaphimbidwa ndi kanthu, chachiŵiri chikuti uthenga wake sukumveka. Dzina 'obscurity', makamaka m'akapandamneni monga 'died in obscurity' ndi 'rose from obscurity', limanena za kusatchuka. Buku limene limangolemba mneni ndi dzina pansi pa mfotokozi, ngati kuti tanthauzo limangotsetsereka lokha, limasokeretsa.

7.0 KUFUNIKA KWA NKHANIYI

Wina angati izi n'zokangana akatswiri a chiyankhulo okha. Malamulo akutsutsa maganizo otere. Pangano la ku Vienna la mu 1969, lonena za mapangano a pakati pa maiko, m'ndime 32 limalola womasulira pangano kuyang'ana zolemba za pokonzekera panganolo ngati tanthauzo latsala 'ambiguous' kapena 'obscure'. Mu 1992, pa mlandu wa Pepper v Hart wokhudza msonkho wa aphunzitsi a pa Malvern College, House of Lords, imene panthaŵiyo inali bwalo lalikulu la apilo ku Britain, idagamula kuti oweruza angathe kuŵerenga zokambirana za m'nyumba ya malamulo ngati lamulo lili 'ambiguous' kapena 'obscure', kapena ngati kulitsata liu ndi liu kungabale zopanda nzeru. M'malo onse aŵiri mauŵa aima moyandikana chifukwa akutchula zifukwa ziŵiri zosiyana. Womasulira amene angaŵaphatikize n'kulemba "losamveka" kamodzi wachotsa chifukwa chimodzi m'lamulo.

Kwa ife okonza mau a Chicheŵa pali phunziro lina. Chicheŵa chili ndi masinde ochepa a afotokozi enieni, monga -kulu, -ng'ono, -tali, -fupi ndi -ŵisi. Ambiri timaŵapanga kuchokera kwa aneni. Tikafuna kumasulira 'obscure' timakakamizika kusankha mneni: kuona, kumva kapena kudziŵa. Tikaikapo -ek- kapena -ik- timapeza chosaoneka, chosamveka ndi chosadziŵika. Zimene Chingerezi chidasonkhanitsa m'liu limodzi, Chicheŵa chimazilekanitsa ndi aneni atatu. Uwu ndi mwai kwa mphunzitsi, pakuti wophunzira ali nao kale magulu atatuwo m'mutu mwake. Koma dikishonale ya ziyankhulo ziŵiri imene ingandandalike mau atatuŵa pamzere umodzi, osanena dzina loyenda ndi lililonse, yangobwereza cholakwa chomwe chija m'chiyankhulo china.

8.0 NJIRA ZIMENE ZAYESEDWA

Si chilungamo kuloza chala Peter Mark Roget, amene Thesaurus yake idatuluka mu 1852. Iye adakonzera bukulo munthu amene ali ndi ganizo koma liu lamthaŵa, ndiye kuti munthu wodziŵa kale Chingerezi, amene akaona liu loyenera alizindikira. Cholakwa chidadza pamene njira yokumbutsira mwini chiyankhulo idasanduka njira yophunzitsira mlendo.

J. R. Firth, m'zolemba zake za m'ma 1950, adalimbikitsa kuti liu lizidziŵika ndi mau amene limayenda nao. John Sinclair ndi anzake pa Yunivesite ya Birmingham adatsata maganizoŵa pokonza dikishonale ya COBUILD ya mu 1987, imene idamangidwa pa zolemba zosungidwa m'kompyuta, ndipo imatanthauzira liu m'chiganizo chathunthu choonetsa mtundu wa dzina loyenda nalo. British National Corpus, imene idamalizidwa mu 1994 ndi mau 100 miliyoni, idakulitsa mpata wofufuza motere. Njira imeneyi ikuposa mndandanda kutalitali. Komabe ili ndi malire ake. Nkhokwe ya zolemba imaonetsa zimene anthu adalemba. Siionetsa zimene sangalembe. Chiganizo (10) simungachiyembekezere m'nkhokwe yotere, koma kusapezeka kwake pakokha sikunena ngati n'cholakwa kapena n'chosoŵa chabe. Pamenepo pafunikabe kufunsa eni chiyankhulo ndi kuyesa kusinthanitsa mau monga tachitira m'gawo 5.0. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

9.0 MAU OMALIZA

Kuchokera pa zimene taonazi, tikupempha olemba madikishonale ndi mabuku a sukulu zinthu zinai. Choyamba, tanthauzo lililonse la mfotokozi lizibwera ndi mtundu wa maina amene limayenda nao. Chachiŵiri, zitsanzo zizionetsa mfotokozi m'malo onse aŵiri, dzina lisanabwere ndiponso pambuyo pa mneni. Chachitatu, pamene patchulidwa liu lofanana nalo, pazikhalanso chiganizo chimodzi chimene aŵiriwo sangaloŵane m'malo. Chachinai, mneni ndi dzina zochokera ku tsinde lomwelo zizitanthauziridwa pazokha. Zimenezi zidzatalikitsa buku ndi kukweza mtengo wake, ndipo okonza mapulani a chiyankhulo ayenera kuŵerengera zimenezo. Koma mizere inai yolongosoka pa 'obscure' idzathandiza wophunzira ndi womasulira malamulo kuposa mau khumi oti ngofanana.