Amisiri Openya M'kati mwa Mutu wa Mwana

Mayi aliyense wa m'mapiri a Dowa amene anabereka mwana wokomoka ndi malungo a mu ubongo, nathamanga naye usiku ku chipatala cha Mtengowanthenga, ayenera kumva za luso limene ndilitamanda ndi mtima wonse. M'chaka cha 1946 Felix Bloch ndi Edward Purcell, yense payekha, anapeza kuti timitima ta maatomu, tikaikidwa pakati pa maginito amphamvu ndi kuombedwa ndi mafunde a wailesi, timayankha, ndipo mayankhidwe ake amaulula chinthu chimene tikhalamo. Ndipo popeza thupi la munthu lidzala madzi, nalonso liyankha motero, mpeni wosalikhudza konse. Makina a MRI, ojambula m'kati mwa thupi pogwiritsa ntchito luso limeneli, atafika pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2008, a Dokotala Terrie Taylor, a Dokotala Sam Kampondeni ndi anzao, podziwa kuti mutu umodzi susenza denga, anapenda zithunzi za ana odwala malungo a mu ubongo modekha ndi mosatopa, kufikira mu 2015 anaonetsa poyera chimene chinabisika kwa mibadwo yonse ya makolo athu: kuti ubongo umatupa, nupanikiza malo olamulira mpweya, mwana naleka kupuma.